Kadzidzi waswera ana m'denga mwathu ku Mabvuku, ndipo anansi ayamba kulankhula

Nabanda, Mabvuku

Moni nonse, makolo ndi abale a kuno ku Harare. Ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yatisowetsa mtendere pakhomo pathu, ndipo amene mumazidziwa bwino mbalame mundiyankhe mosabisa.

Nyumba imene ndikukhala ndi ya mayi anga, amene anatsala nayo bambo athu atamwalira. Malemuwo anachokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya, ndipo nyumbayi ndi imodzi mwa zakale zija zofoleredwa ndi malata a asibesitosi. Kumbuyo kwake, pamene khoma limakumana ndi denga, njerwa zinagumuka n'kusiya mpata, ndipo kuyambira mwezi wa Epulo takhala tikumva phokoso m'siling'i usiku wonse, lina la mapazi, lina longa mkonono wa munthu wodwala chifuwa. Mwana wanga wamwamuna atakwera ndi tochi anapeza ana a kadzidzi anayi ataunjikana pakona, onse oyera koma osiyana misinkhu, wamkulu atayamba kumera nthenga m'mapiko pamene wamng'ono akanali kaubweya kokhakokha. Makolo awo timawaona madzulo akutuluka pampata paja. Ndi oyera kunkhope ndi pamimba, ndipo salira kuti huu huu ayi, amachita kukuwa mokoka mawu.

Ineyo mbalamezi sizikundiopsa kwenikweni, ndipo ndaona kuti makoswe amene ankaboola matumba a chimanga chimene timalima kudambo achepa kwambiri chaka chino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi anthu. Mayi anga ndi okalamba, ndi amasiye, ndiponso aliyense mumsewu mwathu amadziwa kuti kwathu n'ku Malawi, ndiye mukudziwa nokha zimene anthu amafulumira kuganiza pakhomo lotere pakamveka kadzidzi. Panyumba ina yoyandikana nafe mwana anadwala, ndipo chidwalireni mwanayo amake anasiya kuyankha moni wa mayi anga. Anyamata ayamba kugenda denga usiku, moti lata limodzi lang'aluka kale. Alamu anga akuti titseke mpatawo ndi simenti lero lomwe kapena tifukize utsi wa matayala, koma ine mtima sukundilola kukwirira zamoyo m'nyumba imene ndimagonamo.

Kodi anawa atenga nthawi yotalika bwanji kuti auluke? Kodi n'zotheka kuwachotsa n'kukawaika pena, makolo awo n'kumawadyetsabe? Nanga fungo limene layamba kumveka m'chipinda cha kumbuyo lingatidwalitse?

Bambo Mwale, Highfield

Mayi Nabanda, mwafotokoza bwino moti mbalameyo ndaizindikira ndisanaione. Ndagwira ntchito yosamalira maluwa zaka zambiri m'mayadi a ku Greendale ndi Highlands, ndipo akadzidzi amene munthu amakumana nawo kawirikawiri pafupi ndi nyumba muno m'tauni ndi a mitundu iwiri. Wina ndi wamkulu, wotuwa, wa maso achikasu ndi timanyanga ta nthenga pamutu. Ameneyo ndiye amalira huu huu, ndipo amaikira mazira pansi, pamwala kapena pamwamba pa khoma. Wanuyo ndi wa nkhope yoyera ndi maso akuda, amene amakonda mphako za mitengo, nsanja za matchalitchi, nkhokwe ndi madenga.

Kadzidzi wa mtundu umenewu samanga chisa. Wamkazi amangoikira pamalo ouma, nthawi zambiri pamwamba pa timibulu takuda ta ubweya ndi mafupa timene iwo eni amalavula akadya khoswe. Mazira saikira tsiku limodzi onse, amadumphitsa masiku awiri kapena atatu, koma kufungatira amayambira pa dzira loyamba lomwe, ndipo n'chifukwa chake ana anuwo asiyana misinkhu. Dzira limaswa pakatha masiku 30 mpaka 32, ndipo mwana amayamba kuuluka akafika milungu pafupifupi 8. Ngati wamkulu wayamba kumera nthenga za m'mapiko, ndiye kuti wadutsa kale milungu itatu, choncho mwatsala ndi mwezi umodzi ndi theka kuti onse atuluke, kuwonjezapo milungu ingapo imene adzakhale akubwererabe kudzagona masana. Ndikuuzeni zoona kuti mkonono umene mukumvawo ndi kulira kwa njala kwa anawo, ndipo uzikulirakulira mpaka atatsala pang'ono kuuluka. Musadzadabwe ukafika pomveka mumsewu.

Sanabwere kwanu mwangozi. Nyengo ino, mvula itatha, mbewa ndi makoswe zimachuluka m'minda ya chimanga ya m'madambo, ndipo inu a ku Mabvuku muli pafupi ndi malo a udzu ozungulira Cleveland Dam, kumene umayambira mtsinje wa Mukuvisi. Chakudya chilipo chambiri, koma pogona n'posowa, chifukwa mitengo ikuluikulu ya mphako inatha kale ndi nkhuni. Kumene kukadali mitengo yotere, kadzidzi ameneyu amalanda ngakhale chisa chachikulu chija cha nantchengwa n'kuswera momwemo. Akasowa zonsezo, mpata wa njerwa ngati wanuwo umamukwanira.

Za kuwasamutsa, ndikuletsani. Makolo amabweretsa chakudya pamalo pamene anaswera, ndipo mukanyamula ana n'kukawaika mumtengo kapena kuseri kwa mpanda, mudzawapeza atafa ndi njala kapena atadyedwa ndi amphaka. Za alamu anuzo ndiye zoipa kuposa. Utsi wa matayala udzapha ana, udzalowa m'zipinda mmene mukugona mayi okalamba, ndipo moto ukagwira mitengo ya denga mudzalira nyumba. Mukatseka ndi simenti, anawo adzafera mkati, adzaola, mphutsi zizigwera pansi kudzera m'ming'alu ya siling'i, ndipo makolo awo azizungulira nyumba akukuwa usiku ndi usiku kufuna polowera. Tangoganizani zimene anansi adzanene akamva kukuwa kumeneko. Mudzakhala mutawonjezera nkhuni pamoto umene mukufuna kuzima.

Inenso ndinakula ndikuuzidwa kuti kadzidzi akatera padenga pagwa maliro, ndipo agogo anga ankamuponyera chikuni cha moto. Sindinyoza makolo amene anatilera. Koma ndagona zaka zambiri m'nyumba za antchito kumayadi kumene mbalamezi zinkalira mwezi wathunthu popanda wodwala ndi mutu womwe, ndipo ndaika abale ambiri m'manda popanda kadzidzi amene analirapo. Akuluakulu omwewo ankati mbalame ikatera pa uta silasika, ndipo iyi yadzaswera m'nyumba mwanu mwenimweni. Pirirani miyezi iwiriyi.

Nangozo, Mufakose

Bambo Mwale, za mbalame mwalankhula zomveka ndipo sindikutsutsani, koma pa anthu mwadutsapo mofulumira. Kumayadi kumene munkagwira ntchito mipanda ndi yaitali ndipo palibe amene amadziwa za mnzake. Kwathu kuno khoma la nyumba yako ndi khoma la mnzako, madzi timatunga pamjigo umodzi, ndipo mayi wokalamba akayamba kulozedwa chala, miyezi iwiri ndi nthawi yaitali kwambiri. Ife ana a anthu ochokera ku Malawi tinakula tikumva kuti makolo athu ali ndi mankhwala, ngakhale amene moyo wawo wonse unathera m'tchalitchi kapena mumzikiti. Ndaonapo agogo ena akusiya kupita kumaliro a pamsewu pawo chifukwa choopa maso a anthu, ndipo kusapitako kunasanduka umboni wina wowaneneza. Achemwali a ku Mabvuku asaone nkhaniyi mopepuka.

Achemwali, chimene ndingakulangizeni ndi chakuti musabise. Chobisika ndicho chimakula m'kamwa mwa anthu. Pitani kwa akulu a mpingo wa mayi anu, ndiponso kwa mayi mmodzi kapena awiri a mumsewu mwanu amene mawu awo amamveka, makamaka amene si a kwathu, muwaitane masana dzuwa likuswa mtengo. Aonetseni mpata wa njerwa uja, ndipo mwana wanu atole timibulu timene Bambo Mwale atchula, atinyeme pa nyuzipepala iwo akuona, aone okha zigaza ndi mano a makoswe. Muwauze mwezi umene anawo adzauluke ndiponso kuti mpata mudzatseka akangochoka. Munthu amene wauzidwa tsiku lothera amapirira, kusiyana ndi amene akuganiza kuti mwaiweta dala mbalameyo. Kwa amake a mwana wodwala uja mupiteko nokha kukazonda matenda monga mwa mwambo, ndipo ngati sanapite naye kuchipatala, alimbikitseni atero, chifukwa mwanayo akachira theka la mlandu latha.

Koma ndinene mosapsatira kuti miyala ikapitirira, moyo wa mayi anu ndiwo woyamba. Zikafika pamenepo funani anthu odziwa kulera mbalame adzatenge anawo amoyo, osati kuwapha.

Pakhonde panga pali zisa za anamzeze, zadothi zija, ndipo palibe mnansi amene anadandaulapo, mwina ena amati ndi mwayi. Dandaulo ndi langa ndekha, chifukwa zitosi zimagwera pamene ndimayanika mbale, ndipo abambo a kunyumba akufuna kuzigwetsa ndi mtengo pamene tikupenta. Bambo Mwale, ngati muli ndi nzeru pa zimenezi mundigawireko.

Nabanda, Mabvuku

Zikomo kwambiri Bambo Mwale, zikomonso achemwali a ku Mufakose. Alamu anga ndawawerengera zonse ndipo za simenti azisiya, ngakhale sanakondwe. Akulu a mpingo avomera kubwera Loweruka. Koma kwagwa china: m'mawa uno tapeza mmodzi mwa ana aja ali pansi kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mulu wa nkhuni, ali moyo ndipo akutiopseza ndi mawu a kukhosi tikamuyandikira. Tamuvundikira ndi dengu kuopa amphaka. Mayi anga akuti tikamugwira ndi manja amake adzamukana chifukwa cha fungo la munthu. Komanso alamu omwewo anagula mankhwala a makoswe kumsika kuti athire m'chipinda cha chimanga, akuti makoswe akatha akadzidzi adzachoka okha. Kodi pamenepa tichite chiyani?

Aphunzitsi Chisale, Dzivarasekwa

Mayi Nabanda, mwana wagwayo mumubwezere m'denga lero lomwe, dzuwa lisanalowe. Kadzidzi wa nkhope yoyera sadyetsa mwana amene ali pansi, amangosamala amene ali pamalo oswera, ndipo apa ndi pamene amasiyana ndi wa timanyanga uja, amene ana ake amayendayenda pansi makolo n'kumawadyetsa komweko. Za fungo la munthu agogo asade nazo nkhawa, chifukwa mbalamezi sizikana mwana pa chifukwa chimenecho. Mumufunditse thaulo, mumugwire mapiko ali otseka, ndipo musamale zikhadabo, pakuti ndizo zimabaya kuposa mlomo. Musamumwetse madzi kapena mkaka, ndipo musamupatse nsima, chifukwa madzi othiridwa m'kamwa amatha kulowa m'mapapo. Mukaona kuti phiko lalendewera, mwendo wathyoka kapena akulephera kuimika mutu, muikeni m'katoni yoboola timabowo pamalo amdima, kenako funsani a bungwe loteteza mbalame la BirdLife Zimbabwe, amene ofesi yawo ili muno mu Harare, kapena a Kuimba Shiri ku Lake Chivero, amene amalandira mbalame zovulala ndi zamasiye. Wina akabwera kudzapempha kuti mumugulitse mwanayo, mukane, chifukwa nyama zakutchire m'dziko lino zili pansi pa lamulo la Parks and Wildlife Act la 1975, ndipo oyang'anira ndi a ZimParks, bungwe la boma loona za nyamazi.

Mankhwala a makoswewo ndi amene andichititsa kuti ndilembe mwamsanga. Ambiri mwa ogulitsidwa m'masitolo sapha nthawi yomweyo. Amaletsa magazi kuundana, ndipo khoswe amakhala masiku angapo akuyenda mofooka asanafe. Khoswe wofooka ndiye woyamba kugwidwa ndi kadzidzi, ndipo poizoniyo amaunjikana m'chiwindi cha mbalame mpaka nayonso kukha magazi mkati. Makolo akafa chotero, ana anayi aja adzafera m'siling'i, ndipo mudzapeza fungo ndi mphutsi zomwe zija munazipewa pokana simenti. Ngati anagula aja ogulitsidwa m'timapepala topanda dzina, amene kwathu timawatcha tameki, ndiye ngozi ndi ya pakhomo ponse, chifukwa kachidutswa kochepa kamapha galu, mphaka, nkhuku ngakhale mwana wokwawa. Mankhwala otere asayandikire chimanga chodya anthu. Tcherani misampha ya chitsulo m'mbali mwa khoma, ikani matumba pa thandala kuti asagunde pansi, ndipo ntchito yotsalayo asiyireni alendo anu a m'denga, pakuti banja la ana anayi limadya makoswe ndi mbewa zingapo usiku uliwonse. Mumsewu monse amene akupindula ndi ambiri, kuphatikizapo amene akugendawo.

Pa zimene anena Mayi Nangozo ndiwonjezepo chimodzi chimene ambiri a ife sitichidziwa. Lamulo la milandu la Criminal Law (Codification and Reform) Act, limene linayamba kugwira ntchito mu 2006, limati kuneneza munthu ufiti popanda maziko ndi mlandu, ndipo kugenda nyumba ya munthu ndi mlandu pawokha. Sindikunena kuti muthamangire kupolisi akulu a mpingo asanayese mbali yawo, chifukwa anthu amenewa mudzakhala nawobe mawa ndi mkuja, koma ndi bwino kuti akuluwo akamalankhula ndi makolo a anyamatawo atchule zimenezi mofatsa. Jambulani lata long'aluka lija pa foni ndipo lembani masiku amene miyala yagwa.

Mwana wanu amene anakwera ndi tochi uja, ngati mtima wake wakopeka, a BirdLife Zimbabwe amayenda mwezi ndi mwezi kukaona mbalame ku Mukuvisi Woodlands ndi ku Monavale Vlei, dambo limene mu 2013 linaikidwa pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, pamodzi ndi Cleveland Dam ya kwanuyo. Ana a m'malokeshoni athu amasowa wowatengera kumalo otere.

Bambo Mwale, Highfield

Mayi Nangozo, mwanena zoona, ndipo njira yanu yoitana anthu masana ndiyo yoyenera kutsata. Aphunzitsi ayankha bwino za mwana wagwa, choncho ine nditsirize za fungo ndi za mpata.

Fungo limachokera ku zitosi ndi nyama zotsala, ndipo panopa chimene mungachite ndi kutsekula mawindo a chipindacho ndi kumata ming'alu ya siling'i kuti fumbi ndi tizilombo ta mbalame zisagwere pogona. Kuyeretsa kwenikweni kudikire mpaka phokoso litatheratu. Mukaona kuti kwakhala chete, wina akwere masana ndi tochi aunike ngodya zonse, chifukwa chakudya chikachuluka wamkazi amatha kuikiranso mazira ena. Akapeza mazira, ndiye kuti mudikiranso. Mukatsimikiza kuti mulibe kanthu, tsekani mpatawo ndi njerwa kapena sefa wolimba. Woyeretsa avale chotseka pamphuno ndi magolovesi, awaze madzi pang'ono pa zitosi asanaziwole, ndipo asakwekwese kapena kuswa malata a asibesitosi, makamaka long'aluka lija, pakuti fumbi lake limawononga mapapo kuposa zitosi za mbalame.

Akadzidzi amabwerera kumene anaswera bwino, ndiye mukatseka kwanu adzafuna denga la mnansi, ndipo kumeneko mwina sadzapeza wowachitira chifundo. Ngati pali mtengo wautali kumunda kwanu kudambo, kutali ndi mawindo a anthu, kalipentala akukhomereni bokosi la matabwa la masentimita pafupifupi 50 m'litali ndi 40 m'lifupi, khomo lake la masentimita 13 likhale m'mwamba, masentimita 45 kuchokera pansi pa bokosilo, kuti ana asamagwe asanakhwime mapiko. Lipachikeni pamthunzi, mamita anayi kuchokera pansi, ndipo muthiremo timibulu tina ta m'denga muja. Muzikaliyendera, chifukwa njuchi nazo zimakonda mabokosi otere.

Za anamzeze anu, Mayi Nangozo, ngati chisa chake ndi chotseka, chokhala ndi kakhomo kotalika ngati mpaipi, ndi aja a mizeremizere pachifuwa ndi mutu wofiirira. Amenewo amaswera kuno nthawi ya mvula, pamene matope akupezeka, mosiyana ndi aja amadzaza pa mawaya a magetsi kuyambira Okutobala mpaka Epulo, amene amakaswera ku Ulaya. Mazira awo amaswa pakatha milungu iwiri ndipo ana amauluka pakatha milungu pafupifupi itatu, choncho pofika nyengo yozizira ino zisa zambiri zimakhala zopanda kanthu, ndipo Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino yopenta. Abambo a kunyumba ayambe ayang'anira masiku angapo ngati pali mbalame yolowa ndi kutuluka, chifukwa pali zina zakuda za mapiko aatali zimene zimalanda zisa zimenezi n'kuswera mochedwa. Kugwetsa sikufunika, apente mozungulira, pakuti chisa chimodzi chimawatengera anamzeze milungu yambiri akututa dothi ndi mlomo, ndipo amachibwerera chaka ndi chaka. Pansi pa chisa, motalikirako pang'ono kuti asatseke njira yolowera, akhome kathabwa kopingasa kolandira zitosi, kamene muzikapala nyengo ikatha n'kukathira m'dimba la masamba.